Ndinapita Ndekha ku Beira

Lachinayi, 13 Juni 1957

Chisanu m'mawa, mpaka zala kuuma. Sukulu njotseka, koma thumba la makalata likufikirabe kwa ine monga mphunzitsi wamkulu. Lero muli kalata ya sitampa ya Chipwitikizi. Dzanja la mwana wanga Dainess. Kalata yake ya khumi ndi chiwiri.

Ndawerengera mu ofesi, chitseko chotseka. Ukwati pa 6 Julayi ku Beira, m'katchalitchi ka m'mphepete mwa nyanja ya mchere. M'kalatamo matikiti awiri a sitima yochokera ku Salima. Ina yanga, ina ya amake. M'munsi mkwati, Fulansisi, wawonjezera mzere m'Chinyanja chake chopindika: "Atate, chonde bwerani. Mwana wanu ndamsunga ndi ulemu."

Ndaiika m'bokosi la choko, pansi pa malejisitala akale, pomwe pali zinzake khumi ndi imodzi.

Kunyumba ndapeza Tryness akuswa nsawa pakhonde. Funso lake la Lachinayi lililonse: "Mulibe kanthu m'thumba, atate ake a Dainess?" Ndati mulibe. Zaka ziwiri ndikumuyankha chomwecho mkazi wanga. Mlomo sunjenjemeranso. Chimenecho ndicho chikundiopsa.

Loweruka, 15 Juni

Ndilembe monga zinakhalira. Pepala silikhala m'bwalo la akulu a mpingo.

Fulansisi Pereira. Ife timangoti Mmwenye, koma ndi Mkatolika, makolo ake ngochokera ku Goa. Anali kalaliki kogulira fodya ku Fort Jameson. Malungo anamgoneka m'chipatala masabata atatu, Dainess ali namwino wophunzira. Anayamba kuphunzira Chinyanja kuti amthokoze bwino. Kuthokozako kunatalika.

Meyi 1955 anabwera kuno panjinga, mtunda wonse wochokera ku Boma mpaka kufupi ndi Tamanda. Suti yoyera itafiira ndi fumbi. Anavula chipewa, anagwada, anaomba m'manja monga wina anamphunzitsira. Ine ndinamsiya padzuwa. Mpando osampatsa. Tryness anatuluka ndi madzi m'chikho, ndinati abwerere nawo. Mnyamatayo anati, "Atate, sindifuna wom'bisa kuseri kwa sitolo. Ndifuna mkazi wa m'tchalitchi." Ndinamuyankha kuti tchalitchi chake si changa, khungu lake si langa, njira ndi yomwe wadzerayo.

Sabata yotsatira ndinaimirira m'tchalitchi. Palibe anandifunsa. Ndinati ndilibe mwana dzina lake Dainess. Panja a Whiteson Banda, mkulu wa mpingo mnzanga, anandigwira chanza nati, "Mwaima ngati mwamuna, a Jere." Ndinakondwa. Ndilembe zimenezo: ndinakondwa.

Fulansisi nayenso anzake anamkana, ntchito inatha. Anapita ku Beira komwe kuli amake. Dainess anamtsata, nakakhala kwa masisitere akugwira ntchito m'chipatala chawo.

Kalata yoyamba ya Dainess ndinati ndidzapereka kwa amake mkwiyo ukatha. Yachiwiri itafika ndinaona kuti ndiyenera kufotokoza za yoyamba. Basi. Bodza linayamba kudzilera lokha.

Lamulungu, 16 Juni

Ndatsogolera mapemphero, abusa ali kumidzi ya kumpoto. Pa nthawi ya amayi, Tryness wapemphera mokweza. Wati, "Ambuye, mwana wanga kaya ali moyo, kaya anafa, Inu mukumuona." Mpingo wonse wati Amen. Nanenso ndati Amen.

Masana sindinadye. Ndanamizira m'mimba.

Lachitatu, 19 Juni

Ku Fort Jameson panjinga. Tayala lakumbuyo laphulika kawiri.

Ku Boma, kukatenga chitupa cha ulendo. Papepala pali funso lakuti anthu angati. Cholembera chinaima. Kalaliki akundiyang'ana. Ndalemba kuti mmodzi.

Ndikamtenga Tryness, mudzi wonse udziwa dzuwa lisanalowe. Mkulu wa mpingo ku ukwati wa Aroma! Ukulu utha, mwina ndi uphunzitsi womwe. Izi ndi zomwe ndinkadziuza pokwera chitunda. Chenicheni ndi china. Kuti apite, ayenera kuona kalatayo. Akaona imodzi, aona khumi ndi ziwiri.

Nanga ine ndikupitiranji? Ndikufuna kuona nkhope yake. Ndicho chokha. Ndikudzipatsa chimene ndikummana amake.

Pa sitolo ya Mzungu ndagula singano za Tryness ndili panja, pa kazenera ka ife anthu akuda. Federeshoni yawo ija amati nja ubale. Mtima unatentha. Kenaka ndinakumbukira munthu amene ndinamuimika padzuwa pakhomo panga. Mkwiyo unazima.

Lachisanu, 21 Juni

Ndamuuza kuti kuli maphunziro a aphunzitsi aakulu ku Nyasalande, masabata awiri. Sanakayike. Wayamba kale kusita malaya. Wasokanso batani la jekete lakuda, osadziwa kumene jeketelo likupita.

Lamulungu, 30 Juni

Mawa ulendo. Wandikazingira nsawa, wamanga ndi mbatata zootcha m'kansalu.

Madzulo tili pakhonde, dzuwa likadalipo, ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Ananditsogolera ndi iye. Anati, "Ku Nyasalande kuli anthu a pa njanji. Mukafunseko, mwina wina anamuonapo. Musakamukalipire. Mungofunsa ngati akudya."

Ndinati ndikafunsa.

Lachiwiri, 2 Julayi, m'sitima

Dzulo pa basi. Fumbi kuyambira pa Mwami mpaka ku Lilongwe. Lero Salima, ndipo sitima. Potulutsa tikiti zatuluka zonse ziwiri. Woyang'ana matikiti wati, "Nanga mnzanuyo ali kuti, bambo?" Ndati wadwala. Bodza lomwelo ndi limene ndikanene ku Beira. Ndaliyeseza pa munthu wosamdziwa, lakhala bwino.

Pambali panga pakhala mayi wa dengu la usipa. Wagona mutu uli paphewa langa. Sindinamdzutse.

Lachinayi, 4 Julayi

Mlatho wa pa Zambezi. Wautali kuposa momwe ndinkauzira ana a Sitandade 4. Tryness amaopa ngakhale mtengo wowolokera pa kamtsinje ka kudimba kwathu. Apa akanandigwira dzanja. Akanatseka maso, kenaka nkudzasimba chaka chathunthu.

Nsawa zake zatha lero.

Lachisanu, 5 Julayi, Beira

Kutentha konyowa, ngakhale ndi mwezi wa chisanu. Fungo la nsomba ndi malasha.

Ndinamuona ndisanatsike. Wakula. Nkhope ya amake yeniyeni. Anagwada pa simenti pomwepo, anthu akumudutsa, nandigwira dzanja ndi manja awiri. Koma maso ali kumbuyo kwanga, pa chitseko cha sitima. Anadikira mpaka munthu womaliza atatsika.

Anati, "Amayi?"

Ndinati miyendo yatupa, ulendo wotere sakanautha. Anafunsa ngati makalata ake amawawerenga. Ndinati amawerenga. Anati, "Nanga osayankhako ngakhale mzere umodzi?" Ndinati maso akuwavuta. Miyendo, maso. Mkazi wanga ndamudwalitsa thupi lonse tsiku limodzi.

Fulansisi ananyamula sutikesi yanga pamutu, suti ali chivalire. Kunyumba kwa amake anandikokera mpando wabwino koposa. Madzi anabwera nawo yekha, manja awiri. Sanatchule kanthu za tsiku lija. Akanatchula bwenzi kuli kopepuka.

Masana ananditengera kunyanja. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndikuiloza ndi ndodo pa mapu. Ilibe tsidya. Ndinalawa, ndi mcheredi. Dainess anaseka nati, "Mukawauze Amayi kuti mwalawa." Kuseka kwake sikunasinthe.

Loweruka, 6 Julayi

Wakwatiwa.

Katchalitchi ka asodzi kunja kwa tauni, malata odyeka ndi dzimbiri, khomo lopenya kumadzi. Wansembe wokalamba, Mpwitikizi. Chilatini sindinamvepo kanthu. Ndinayenda ndi Dainess mpaka kutsogolo, dzanja lake lili m'khwapa mwanga, monga amachitira kuno. Diresi anasoka ndi amake a Fulansisi, amayi Ketilina, mkazi wamasiye wamng'ono thupi, wovala zakuda. Fulansisi pomuveka mphete, inamupulumuka. Mphete inagwa, inagubuduka, sisitere wina anaiponda ndi nsapato. Tonse tinaseka, ndi wansembe yemwe.

Titatuluka, phwando pamchenga. Matebulo pansi pa mitengo ya kokonati, miyendo yake ikumira. Agoa ochepa, mwina khumi, amene sanaope kubwera. Anamwino. Asena onyamula katundu kudoko, anzake a Fulansisi, ndi ng'oma zawo. Mbali ina gitala, mbali ina ng'oma, poyamba zikulimbana, kenaka zinapezana. Nsomba yophika ndi kokonati ndi tsabola wowotcha. Ana akuthamangira mafunde ndi zovala zawo zabwino. Dainess anavula nsapato, nakweza diresi, navina chimtali monga ankavinira ali mtsikana. Mwamuna wake kuyesa kutsatira, miyendo ikukana. Anthu kugwa ndi phwete.

Mipando iwiri yoyala nsalu yoyera, ya makolo a mkwatibwi. Ine ndinakhala pa umodzi. Winawo palibe anauchotsa.

Amayi Achisena anaimba nthungululu. Dainess anatembenuka msanga, ngati waitanidwa. Kenaka anabweza nkhope.

Amayi Ketilina anadza ndi kabotolo ka mafuta otikitira miyendo, ndi shawelo yabuluu. Fulansisi akumasulira. Anati nawonso anakana chaka chathunthu, analira, anasala kudya, mpaka anatopa ndi kulira okha. Anati, "Mukampatse mnzanga izi. Mumuuze kuti mwana wake ndinamuveka ndine, koma ndinkadziwa kuti manja ake ndiwo oyenera."

Anandipempha kulangiza. Ndinaimirira, mchenga uli m'nsapato. Mawu anatuluka okha, omwe ndimanena pa maukwati onse a kwathu: ana anga, m'banja musabisirane kanthu. Pamenepo ndinalekeza. Ndinakhala pansi. Anaomba m'manja, poyesa kuti ndi chimwemwe.

Lamulungu, 7 Julayi

Ndamuuza.

M'mawa Dainess atachoka ku Misa ndinamupempha tiyende awiri. Madzi anali atabwerera kutali, mchenga wonyowa, tinkhanu tikuthawa. Ndinanena zonse ndikuyang'ana pansi. Bokosi la choko. Makalata khumi ndi awiri. Kuti amake ali bwinobwino, akupalasa ndi kusinja, ndipo akudziwa kuti ndili ku maphunziro.

 Kulira ayi. Kenaka anati, "Atate, inu ndinakukhululukirani kalekale. Ndinkadziwa kuti ndinu ouma mtima. Amene ndakhala ndikulimbana nawo zaka ziwiri ndi Amayi. Ndinkati ananditaya. Dzulo povala diresi ndinawadandaula mumtima."

Ichi sindinachiganizirepo. Ndinkayesa kuti ndabera Tryness yekha. Ndinabera onse awiri, ndipo mlandu wanga anausenza ndi wosalakwa.

Ndinati alembe kalata ndikapereke. Anakana. Anati, "Ndalemba khumi ndi awiri. Tsopano mukanene ndi pakamwa panu." Anabwerera yekha kunyumba, nsapato zili m'manja.

Lolemba, 8 Julayi

Dainess sanabwere kusiteshoni. Anati ali pantchito. Mwina ndi zoona.

Fulansisi anandiperekeza. Wamva zonse. Ndinadikira kuti andinyoze, sanatero. Anandipatsa chithunzi cha ukwati chimene wojambula anatsuka dzulo, atachikulunga bwino m'pepala. Anati, "Atate, mantha ndimawadziwa. Ine kuuza amayi anga kunanditengera miyezi isanu ndi umodzi." Ndinamuuza kuti tsiku lija ndinalakwa kumuimika padzuwa. Anati, "Dzuwa la kwanu nlabwino, si la kuno." Tinagwirana chanza. Koyamba.

Lachisanu, 12 Julayi

Kunyumba. Tryness anathamangira sutikesi, anandiwotchera madzi osamba, anapha nkhuku. Anafunsa za maphunziro. Ndinati anayenda bwino. Anafunsa za anthu a pa njanji. Ndinati ndatopa, tidzakamba mawa.

Masiku anayi m'njira ndikukonza mawu. Ndafika, ndadya nkhuku yake.

Loweruka, 13 Julayi

M'mawa ndinapita kusukulu, ndinabwera ndi bokosi la choko. Ndinaliika pamphasa patsogolo pake, pamodzi ndi shawelo, kabotolo ndi chithunzi. Ndinati, "Amake Dainess, mwana wathu ali moyo. Wakwatiwa Loweruka lathali. Ine ndinaliko. Awa ndi makalata ake, ndinakubisirani."

Anapukuta manja pachitenje. Anasanja makalata motsata masiku. Anayamba ndi yoyamba, chala chikutsata mzere, milomo ikuyenda. Kuyambira m'mawa mpaka mthunzi wa mango utafika pankhokwe. Moto sunakolezedwe. Nkhuku zinalowa m'nyumba, palibe anazipirikitsa. Ine chiimire pakhomo ngati mwana wa sukulu wochedwa.

Pa kalata yachisanu anaima. Ndi ija Dainess analemba ali ndi malungo, yakuti, "Amayi, ndikulota phala lanu." Anaiwerenga kawiri.

Pomaliza anatenga chithunzi. Anayang'ana mwana wake, anayang'ana mpongozi wake. Kenaka chala chinaima pambali panga. Anati, "Mpando uwu unali wanga?"

Ndinati inde.



Lachitatu, 17 Julayi

Akuphika, akundiikira, akuchoka. Akugona ku chipinda chomwe chinali cha Dainess. Shawelo savula, ngakhale masana.

Akanandilalatira. Akanaswa mbale. Ndayesa kupepesa katatu. Amamva mpaka ndithe, kenaka amapitiriza zomwe amachita.

Lamulungu, 21 Julayi

Ndaimirira m'tchalitchi, pamalo pomwe ndinaima zaka ziwiri zapitazo. Ndati ndili ndi mwana dzina lake Dainess Pereira. Ndati ndinapita ku ukwati wake, ndinadya, ndinanama kuti ndili ku maphunziro. Ndati ndanamiza mkazi wanga zaka ziwiri.

 Khanda lokha likulira kumbuyo.

Akulu akhala pansi pa mkuyu titatuluka. Andiimitsa paukulu. Za sukulu akuti zikambidwa abusa akabwera. A Whiteson anandipeza ndekha nati, "Mukanangokhala chete, a Jere. Ndani akanadziwa?" Munthu yemweyu.

Pobwerera ndinayenda pambuyo pa Tryness. Ndinkayembekeza kanthu, ndisabise. Ndinkati mwina lero andiyang'ana. Pafupi ndi chitsime anatembenuka nati, "Mpingo mwaupepesa bwino. Koma mpingo sunabale Dainess."

Lachinayi, 25 Julayi

Tryness wapita ku Boma ndi mlongo wake Boaz, osandiuza. Ndamva kwa anansi. Wabwera ndi chitupa cha ulendo chake. Walemba yekha kalata ku Beira, wakaiponya yekha ku positi ya ku Fort Jameson. Thumba la sukulu sakulikhulupiriranso.

Akusinja ufa, akufutsa nkhwani, akusankha nsawa zazikuluzikulu. Wasoka kansalu ka patebulo ka amayi Ketilina. Wandifunsa chinthu chimodzi chokha sabata yonseyi: kutalika kwa mlatho wa pa Zambezi. Ndinati ngwautali ndithu. Anati, "Chabwino."

Lolemba, 5 Ogasiti

Ndawaperekeza ku basi, iye ndi Boaz. Boaz akamsiya m'sitima ku Salima, kuyambira pamenepo yekha. Munthu amene sanapitirirepo Mwami.

Ndinakweza thumba la ufa padenga. Ndinamulembera papepala masiteshoni osinthira, ndi mawu atatu a Chipwitikizi opemphera madzi. Analandira, anapinda, anaika m'mpango. Ndinati ndikadapita nawo, akadalola. Anati, "Inu munapita kale."

Atakhala pazenera ndinafunsa tsiku lobwerera. Anati sakudziwa. Akufuna akamve zonse za zaka ziwiri, tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezo sizithamangiridwa. Ndinafunsa ngati adzabweradi. Anandiyang'ana, koyamba chiyambire tsiku la bokosi lija. M'maso mulibe udani. Kutopa kokha.

Anati, "Ndidzalemba, atate ake a Dainess. Kuwerenga nokha munazolowera."

Basi inaliza. Fumbi. Ndinaima pomwepo mpaka litatsika lonse, chipewa chili m'manja.